Mdima wa a Daka

Ana anga, mwandivutitsa kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndayamba. Za ubwana wanga ku Katete ndizisiya, amai anu amazidziwa kuposa ine ndipo amathiramo mchere wawo. Ine ndikamba za kamera, chifukwa ndiyo inakulerani nonse, ndiyonso inandichotsetsa ntchito imvi zitayamba kale. Nkhani ya kuchotsedwako mumangoimva mwapatalipatali, ndipo ndikudziwa kuti wina mwa inu amaganiza kuti ndinaledzera pa ukwati wa eni ake. Sindinamwe ngakhale dontho. Zinayenda chonchi.

Kamwala, zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali m'situdiyo ya Mmwenye wina ku Kamwala, kuseri kwa masitolo a nsalu. Kamera sindinaigwire msanga ayi. Ankanditsekera m'kachipinda kamdima kotsukira zithunzi, momwe munkanunkha mankhwala mwakuti madzulo m'basi ya ku Kabwata anthu ankasendera kutali nane. M'kachipindako ndinaphunzira kuti chithunzi sichithera pa kudina batani. Kamera imangokupatsa negativu, kachidutswa ka filimu kooneka ngati kalibe kanthu, koma mkati mwake muli zambiri kuposa zimene zidzatuluke papepala. Wotsuka ndiye amasankha kuti apa pawale, apa pade. Pa zithunzi za ukwati imeneyi inali nkhondo ya mlungu uliwonse. Diresi la mkwatibwi ndi loyera mbuu, nkhope zathu ndi zakuda, ndipo dzuwa la Lusaka silimvera munthu chisoni. Ukatsata diresi, nkhope zimasanduka makala. Ukatsata nkhope, diresi limangokhala chigamba choyera chosaoneka ndi ulusi womwe. Ndinkatchinga kuwala ndi dzanja pamwamba pa pepala mpaka zonse ziwiri zioneke, ndipo ntchito imeneyo ndinaikonda.

Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Anthu ankaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira, ife tinkathamangira filimu kulikonse kumene tamva kuti yafika. Ndiye ojambula anali ndi kachinyengo kawo. Filimu ikatha ukwati uli mkati, munthu ankangopitiriza kuwalitsa fulashi. Anthu n'kumaima bwinobwino, kukonza mataye, kumwetulira kamera yopanda kanthu. Akabwera mlungu wotsatira kudzafunsa, yankho linali lakuti zinapsa potsuka. Wotsukayo ndinali ine, choncho matemberero onse ankagwera pamutu panga. Mayi wina wachikulire wa ku Petauke anandilozapo chala pamphuno n'kunena kuti ndamuotcha nkhope pa ukwati wa mdzukulu wake. Chinyengo chimenecho ndinadana nacho kuyambira pamenepo, osati chifukwa ndinali mngelo, koma ndinatopa kutukwanidwa pa mlandu wa eni.

Msewu wa Cairo, kuyambira m'ma 1990

Mmwenye uja atatseka situdiyo, ndinalembedwa ntchito ndi ba Mulenga, amene anali ndi situdiyo pamwamba pa sitolo ina mu msewu wa Cairo. Anali munthu wamkulu thupi, wa mawu ngati wailesi ya m'bala, wokalipa msanga komanso woiwala msanga. Inu akuluakulu mukukumbukira nkhuku zimene ankatitumizira pa Khirisimasi. Iwo ndiwo anandipatsa kamera n'kunditumiza ku maukwati. Ndajambula m'matchalitchi a m'madera a Roma ndi Woodlands mu Lusaka momwemu, m'maholo a ku Kabwata, pa makapinga a ku Kabulonga komwe agalu ake amadya bwino kuposa wojambula. Mwambi wa ba Mulenga unali umodzi: ukwati Loweruka, Lolemba alubamu ili m'manja mwa eni ake. Ankati mkwatibwi akadikira mlungu wathunthu amayamba kuona zolakwa.

Kenako kunabwera makamera opanda filimu, osunga zithunzi pa kadi. Ine ndinali wamkulu kale, ndinaiphunzira ndikung'ung'udza, koma ndinaiphunzira. Kamera yatsopanoyo inali ndi njira ziwiri zosungira chithunzi. Ina inalembedwa kuti JPEG. Pamenepo kamera imatsuka yokha chithunzicho mkati mwake, imasankha yokha powala ndi poda, zotsala n'kutaya, kuti chithunzi chikhale chaching'ono, chongolowa m'makina osindikizira nthawi yomweyo. Ina inalembedwa kuti RAW. Pamenepo kamera sitaya kanthu, imasunga zonse zimene diso lake laona, monga negativu ija. Koma chithunzi chimodzi chotere chimadya malo a zinzake zambirimbiri, ndipo sungachisindikize usanakhale nacho pa kompyuta n'kuchikonza. Ife m'situdiyo tinkangoti chakupsa ndi chachiwisi.

Masiku ano kadi mumagula ngati chingamu, ndiye mwina simungamvetse. Nthawi imeneyo makadi anali ochepa malo, odula, ndipo ankachita kubwera ndi munthu wopita ku Joni. Situdiyo yonse inali nawo owerengeka, wojambula aliyense ankanyamula imodzi. N'chifukwa chake ba Mulenga anaika lamulo lakuti pa ukwati tizijambula zakupsa zokhazokha. Tsiku lina atandipeza ndikuyesera zachiwisi pa kompyuta anandiuza kuti, "Iwe Sakala, ma-RAW yako siniyafuna. Bantu bafuna mapikicha manje, osati mailo." Ankafuna za lero, osati za mawa, ndipo ndisakunamizeni, sankalakwa. Panja pali dzuwa labwino, ukaika kamera moyenera, chakupsa chimatuluka chokongola ndipo palibe angakufunse. Maukwati ambiri ndinajambula choncho ndipo ndinkagona tulo.

Chelstone, m'mawa wina wa Okutobala

Ukwati umene unandichotsetsa ntchito unali wa mtsikana wotchedwa Tamala, mphunzitsi, mwana wa a Daka a ku Chelstone, akwathu kum'mawa. Amene anatilemba ntchito anali akuchimuna, banja lalikulu la ku Kabulonga lochokera kumpoto. Loweruka limenelo ba Mulenga anali ndi ukwati wina ku Woodlands, ndiye ine ananditumiza ndekha ndi kamera imodzi ndi kadi imodzi. A Daka ndinkawadziwa kuchokera ku misonkhano ya mpingo. Anali atapuma ntchito m'boma, mkulu wa mpingo, munthu wa chifuwa chachikulu amene akayambitsa nyimbo mabenchi ankanjenjemera. Ndinali nditamva kuti akudwala, koma sindinawaone kwa nthawi yaitali.

Ndinafika m'mawa, pabwalo pali amayi akuphika, atsikana operekeza mkwatibwi akulimbana ndi tsitsi. Ndinajambula zonsezo monga mwa masiku onse. Kenako Tamala, atavala kale diresi, anandikokera pambali pafupi ndi mpope. Anandiuza motsitsa mawu kuti atate ake sapita ku tchalitchi, sangathe kuima, ndipo amene amulowetse ndi atate ake aang'ono. Mwambo wokha umene atate ake achite ndi womudalitsa m'chipinda chochezera asanatuluke m'nyumba. "Ankolo," anatero, "zina zonse olo zionongeke. Nifuna chabe imodzi, ine na atate."

Nditalowa m'chipindamo ndinaima kaye kuti maso azolowere. Makatani onse anali otseka, okhuthala, getsi lozimitsa. Kuwala kokha kunkalowera pa chitseko cha ku khitchini chimene chinali chotsegula pang'ono. Pa mpando wa pakona panali mthunzi wa munthu wovala jekete. Ndinagwada n'kupereka moni, ndipo mawu amene anandiyankha anali a a Daka, koma otsala theka. Nditapempha kuti titsegule katani limodzi anakana. Nditatchula fulashi anakananso, nati maso awo sakufuna kuwala, kumawalasa ngati singano. Amai Daka, amene anaima kumbuyo kwa mpandowo, anandiyang'ana mondichonderera kuti ndisalimbikire.

Apa ndinagwira njakata. Ndinkadziwa kuti chakupsa mumdima wotere chituluka ngati chikuto cha Baibulo, chakuda bii, ndipo ukayesa kuchiwalitsa pa kompyuta chimangosweka mabangamabanga chifukwa kamera inataya kale zimene zinali mumdimamo. Chachiwisi chokha ndicho chikanasunga kakuwala ka pa chitseko kaja. Ndinatembenuza kamera kuika pa RAW, lamulo la ba Mulenga ndikulidziwa bwinobwino. Ndinakhala pansi, kutsamira khoma, kuika zigongono pa mawondo kuti manja asagwedezeke, chifukwa mumdima kamera imatsegula diso lake nthawi yaitali ndipo kupuma kokha kumaononga chithunzi. Tamala analowa, nagwada pamapazi pa atate ake mutu uli pansi monga aphunzitsidwira mkwatibwi, wosadzutsa maso. A Daka anaika manja onse awiri pamutu pake n'kuyamba kupemphera. Pemphero lake linali lalifupi, mpweya sunkawalola. Ndinadina mobanika, kangapo, mpaka anati ameni. Nditayang'ana pa kagalasi ka kuseri kwa kamera ndinangoona mdima ndi kanthu kotuwa pakati, kamene kanali diresi.

Kabulonga, masana a tsiku lomwelo

Ku tchalitchi ndinabwerera ku zakupsa ndipo zonse zinayenda. Madyerero anali m'tenti pa kapinga wa amalume ake a mkwati ku Kabulonga. Kunatentha tsiku limenelo, thukuta lili kamukamu, majakaranda atayoyola maluwa mumsewu monse. Operekeza anavina polowa, keke inadulidwa, ndiye inafika nthawi imene wojambula aliyense amaiopa. Mukudziwa mwambo wake. Woyendetsa mwambo amatenga chimkuzamawu n'kumaitana mabanja limodzilimodzi kuti adzaime ndi akwati. Si gulu limodzi ayi. Khomo lililonse limafuna chithunzi chakechake: amalume akulu ndi ana awo, azakhali, a kwa agogo aamuna, a kwa agogo aakazi. Amene sanajambulidwe amati sanawerengedwe, ndipo nkhani yotere imakumbidwa ngakhale pa maliro zaka zitapita. Anayamba ndi akuchikazi, amene anali ochepa. Atangoyamba akuchimuna, kamera inalemba kuti kadi yadzaza.

Ndinapempha kuti oimba aimbeko kaye nyimbo, ndinathawira kuseri kwa tenti n'kuyamba kufufuta. Ndinachotsa magalimoto, maluwa, miphika ya ku Chelstone, chithunzi chilichonse chimene chinali ndi chinzake chofanana nacho. Ndinachepetsanso kukula kwa zakupsa mpaka pomalizira. Pa zachiwisi zija ndinachotsa zimene ndinajambula poyesera Tamala asanagwade. Zinatsala za pemphero lenilenilo, zosakwana zala za dzanja limodzi. Ndinabwerera, n'kujambula makolo a mkwati ndi makomo ena angapo, kadi n'kudzazanso. Kutsogolo kwanga kunali kudakali mzere wa anthu amene anabwera pa basi kuchokera kumpoto, atagona m'njira, amayi atavala chitenje chofanana chimene anasoketsera tsiku limeneli.

Ndinaimbira ba Mulenga ku Woodlands. Kadi ina analibe, yawo inali m'kamera. Nditawauza chimene chadya malo, anayamba atukwana m'Chibemba, kenako anati ndifufute zamdimazo msangamsanga. Ndinawafotokozera kuti pa zithunzi zimenezo mwina chimodzi chokha ndicho chosagwedezeka, ndipo pa kagalasi kakang'ono kaja sindingadziwe kuti ndi chiti, zonse ndi zakuda mofanana. Kufufuta chimodzi kunali ngati kuponya mwala m'chitsime uli wotseka maso. Kenako anati, "Ninshi chita ija yakudala. Layitisa chabe fulashi, Mande tizakamba ati kadi inaonongeka."

Ndinaima kuseri kwa tenti foni ili m'manja. Njira zinali pamaso panga ndipo iliyonse inali ndi munga wake. Akuchimuna ndiwo anatilemba ntchito, sanalakwe kanthu, ndipo anthu a pa basi aja anali ndi ufulu wonse wojambulidwa. Koma iwo ndikanatha kuwajambula mawa lake kapena chaka china, pomwe a Daka, mmene ndinawamvera mawu m'mawa muja, sakanadzagwiranso mutu wa mwana wawo atavala diresi. Za fulashi yabodza ndinaziganizira ndithu, ndisadziyeretse, chala chinafika pa batani lake. Koma ndinaona amayi a chitenje chofanana aja akukonzana maduku, ndipo mtima unakana.

Ndinapita kwa nkhoswe ya akuchimuna, amene kuno timati shibukombe, mwamuna wamtali wa ndodo yokongola. Ndinagwada pambali pa mpando wake n'kumuuza zoona zokhazokha: kuti kadi yadzaza, kuti malo anadyedwa ndi zithunzi za atate a mkwatibwi amene ali gone kunyumba, kuti sindizifufuta, ndipo kuti ndine wokonzeka kubwera mawa m'mawa kudzajambula onse otsala asanakwere basi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Anandifunsa dzina, ndipo nditati Sakala anagwedeza mutu ngati wapeza chimene amafuna. Anati tsono n'zomveka, wakum'mawa wasamalira akum'mawa anzake. Anatinso mawa si ukwati, mawa diresi likhala litabwezedwa kosoka. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, makamaka chifukwa pa za diresi ankanena zoona.

Nkhaniyo inayenda m'tenti monse ngati moto wa pa udzu. Mnyamata wina anatulutsa kakamera ka m'thumba n'kujambula otsalawo, koma aliyense ankadziwa kuti zimenezo si za mu alubamu. Ena anakana n'kuima komwe. Tamala anali patebulo lapamwamba mutu uli pansi, ndipo sindinadziwe ngati anamva. Ndinanyamula chikwama changa anthu akundiyang'ana, osandipatsa ngakhale botolo la madzi, ndinayenda wapansi mpaka pokwerera minibasi.

Msewu wa Cairo ndi Chelstone, mlungu wotsatira

Lolemba ba Mulenga sanakalipe, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti zatha. Anandiuza kuti akuchimuna abwera kale, kuti banja limenelo lili ndi ana ena osakwatira komanso anzawo ambiri, ndipo situdiyo singathe kusunga munthu amene dzina lake lanunkha ku Kabulonga konse. Walira mvula walira matope, sindinatsutse. Koma anandilola kumaliza alubamuyo pa kompyuta yawo, ndipo pochoka anandiponyera m'manja kamera yakale imene inkangokhala m'kabati, nati ndisafe ndi njala ndi kuuma mutu kwangako. Mpaka lero sindiwasungira chakukhosi.

Ndinatsegula zachiwisi zija pa kompyuta. Zinali zogwedezeka, manja a a Daka atasanduka utsi, kupatula chimodzi. Sindidziwa ngati ndikanafufuta chimenecho kapena china, ndipo sindidzadziwa. Ndinayamba kukankha kuwala pang'onopang'ono. Kunatuluka nsalu ya kumutu ya Tamala ndi timaluwa take. Kunatuluka manja. Ndinapitiriza, mokondwa ngati mwana, mpaka chipinda chonse chinaoneka ngati makatani ali otsegula. Chimwemwe changa chinathera pomwepo. Ndinaona jekete likulendewera ngati lili pa msomali, khosi latsala mitsempha yokha, masaya atalowa mkati, zilonda m'milomo, beseni lobisidwa pansi pa mpando. Munthu amene ankagwedeza mabenchi uja. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana, osadziwa kuti ndiimire pati. Potsiriza ndinasindikiza chithunzi chomwecho kangapo, kuyambira chakuda mpaka chowala kwambiri, n'kukwera minibasi ya ku Chelstone.

Tamala anali kwa apongozi ake. Amai Daka anandilowetsa m'chipinda chomwe chija n'kutisiya awiri. Ndinapereka envulopu. A Daka anatambasula dzanja n'kukoka okha katani, dzuwa n'kuwagwera pankhope, ndipo sanaphethire n'komwe. Anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Pa chowala kwambiri chija anakhalitsa.

"Maso anga alibe vuto, a Sakala," anatero. "Ndinakunamizani. M'nyumba muno ndinachotsetsa kalilole, ndiye inu mwandibweretsera."

Ndinayamba kupepesa koma anakweza dzanja. Anandifunsa kuti zatheka bwanji kuti kamera ione zimene anthu amene anali m'chipindamo sanaone. Ndinawafotokozera za chakupsa ndi chachiwisi monga ndakufotokozerani inu. Anamvetsera mwachidwi ngati munthu wa mu ofesi, kenako anafunsa ngati zikutanthauza kuti kuwala kwa chithunzichi amasankha ndi munthu, osati makina. Nditavomera anati tsono asankha iwo, popeza nkhopeyo ndi yawo. Anatenga chachiwiri kuchokera ku chakuda. Pamenepo Tamala ankaoneka bwino, manja a atate ake ali pamutu pake ndi mphete yawo, koma nkhope yawo inali mumthunzi, kungooneka mzere wa chipumi ndi phewa.

"Ichi chilowe mu alubamu," anatero. "Zowalazi bwererani nazo. Zisalowe m'buku, zisapachikidwe pakhoma. Adzukulu anga asadzandidziwe chonchi."

Anandiuzanso kuti amva zimene zinachitika ku Kabulonga, ndipo kuti mwana wawo wayamba banja ndi kugwada, kupepesa apongozi ndi nkhuku pa mlandu umene sanapalamule. Sananene kuti ndinalakwa, sananenenso kuti ndinachita bwino. Anangoti ndikoke katani potuluka. Zowala zija ndinazing'amba nditafika kunyumba, koma chachiwisicho ndinachisunga pa chimbale cha kompyuta, chifukwa wotsuka zithunzi sataya negativu.

Kabwata, mvula itayamba

A Daka anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Ine apo n'kuti nditatsegula kasitolo kanga pafupi ndi msika wa Kabwata, kamene inu mukukadziwa, ndikujambula zithunzi za ziphaso ndi za ana obatizidwa, ndi kompyuta yogula kwa munthu. Maukwati akuluakulu sanabwerenso kwa ine. Amene ankabwera ndinkawauziratu kuti m'tchalitchi ndi m'nyumba ndijambula zachiwisi, panja zakupsa, ndipo alubamu adikira. Ena ankavomera, ena ankapita kwina.

Masana ena, mvula ikuwaza pa malata, ndinaona mayi wovala zakuda akupinda ambulera pakhomo. Anali Tamala. Chichitikire ukwati uja tinali tisanalankhulane, ndipo ndinaganiza kuti wabwera kudzandiuza zimene ndinamuphikira kwa apongozi ake. Ndinamupatsa mpando n'kumupepesa za maliro. Za ku Kabulonga anangozikhudza pang'ono, kuti azakhali ena a mwamuna wake mpaka pano samuyankha moni, koma zimenezo azipirira. Chimene anabwerera chinali china. Amai ake anamuuza kuti panali zithunzi zowala zimene atate ake anakana.

Ndinamuuza mawu a atate ake monga anawanenera, osachotsa kapena kuonjeza. Anamvetsera, n'kunena kuti sakufuna pepala, sakufuna chopachika. Kenako anandifotokozera chimene chinkamudya. Pa pemphero lija mutu wake unali pansi monga mwa mwambo, ndiye nkhope ya atate ake sanaione. Chimene anamva ndi manja awo akunjenjemera pamutu pake. Atadzuka, amayi operekeza anamutembenuza n'kumutulutsa osayang'ana m'mbuyo. Kuyambira tsiku limenelo ankakhulupirira kuti anawasiya akulira mumdima, iye n'kupita kukavina. Kuwafunsa ali moyo anachita mantha, ndipo amai ake anali kumbuyo kwa mpando, sanaone kanthu.

"Nionetseni chabe pa kompyuta, ankolo. Kamodzi."

Ndaganizapo zaka zambiri ngati ndinaswa mawu a malemu. Iwo anatchula buku ndi khoma, sanatchule maso a mwana wawo, koma ndikudziwa kuti kumeneko ndi kuzemba kwa munthu wofuna kudzikhululukira. Chimene ndinganene n'chakuti mwana wa munthu anali patsogolo panga atanyamula katundu amene ine ndikanatha kumutula, ndipo malemu sanadziwe kuti mdima wawo wamusenzetsa katundu wotere. Ndinatseka chitseko cha sitolo, ndinaika chimbale chija, chithunzi n'kutuluka chakuda monga chinalili m'kamera. Ndinamuuza kuti akafuna ndileke anene. Ndinayamba kukankha kuwala.

Inatuluka nsalu ya kumutu, anatuluka manja. Ndinadutsa pamene atate ake anasankha. Chinatuluka chipumi, masaya olowa aja, khosi lija. Ine ulendo woyamba ndinangoona matenda, ndipo ndikuganiza kuti a Daka nawonso anangoona matenda. Tamala anasendeza mpando pafupi n'kuloza ndi chala pa galasi. Maso a atate ake sanali otsinzina monga achitira munthu popemphera. Anali otsegula, akuyang'ana pamutu pa mwana wawo, ndipo milomo ya zilonda ija inali itatseguka mbali imodzi, mano akuonekera.

"Onani," anatero. "Benze kuseka. Ndiye mwamene benze kusekela nikabwela na lipoti yabwino ku sukulu."

Anayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta, nayenso akumwetulira mbali imodzi ngati atate ake. Ine ndinayang'ana kumbali. Mvula inakula pa malata. Kenako anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, naimirira, natenga ambulera yake.

"Zikomo, ankolo. Manje babwezeleni mdima wao."

Ndinabweza kuwala mpaka pamene a Daka anasankha, iye ataima pambali panga kuonetsetsa kuti ndafikadi pamenepo.